Mafizo ku ICU ndi nsapato za odwala mawondo: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera pakhonde la chipatala, ena kuchokera kwa magadiyani, ena kwa ophunzira amene angoyamba kumene kulowa m'mawodi. Oyambirira akukhudza chipinda cha odwala mwakayakaya, chimene tonse timangoti ku ICU. Otsalawo ndi a nsapato ndi mawondo. Wina angadabwe kuti nkhani ziwirizi zikumana pati. Zimakumana m'mawa umene wodwala watsitsa miyendo pabedi koyamba, gadiyani n'kusolola patapata kunsi kwa bedi.

Munthu ali pa makina opumira, sakuyankhula, sakudziwa kanthu. Wa mafizo akukafunako chiyani?

Ntchito zake n'ziwiri: chifuwa ndi minofu. Munthu wabwinobwino amatsokomola osaganizira n'komwe, makhololo n'kumakwera okha. Amene walowetsedwa paipi kukhosi ndi kugonetsedwa ndi mankhwala sangathe kutero. Makhololo amadikha kunsi kwa mapapo, timatumba ta mpweya timaphwa, chibayo n'kupeza pogona.

Wa mafizo amamvetsera chifuwa, amayang'ana chithunzi cha X-ray, kenako amatembenuza wodwalayo kuti mbali yotsekekayo ikhale pamwamba. Amaika manja onse awiri panthiti n'kumanjenjemeretsa pamene mpweya ukutuluka, namwino ali chire ndi kapaipi kopopera. Mumamva kapaipiko kakuchita phwerere, ndipo patangopita mphindi zochepa nambala ya mpweya pa makina a kumutu kwa bedi imayamba kukwera. Amene anazionapo safunsanso funso limeneli.

Ntchito inayo ndi kupinda ndi kuwongola zigongono, mapewa, mawondo ndi akakolo kuti zisaume. Phazi la munthu wogona chagada limawerama lokha, ndipo likasiyidwa choncho kwa masabata, mtsempha wa kuchidendene umafupika. Munthuyo adzachira chibayocho, koma adzalephera kuponda chidendene pansi.

Masiku khumi okha angamalize mphamvu za munthu wamkulu?

Angamalize ndithu. Mu 2013 gulu la Zudin Puthucheary ku London linayeza mnofu wa kutsogolo kwa ntchafu wa odwala 63 a ku ICU pogwiritsa ntchito sikani. Pofika tsiku la 10, mnofuwo unali utachepa ndi magawo pafupifupi 18 pa 100. Amene ziwalo zingapo za m'kati zinali zitasiya kugwira bwino ntchito ndiwo anatha msanga kuposa anzawo. Si kugona kokha: thupi likamalimbana ndi matenda aakulu limadya minofu yake.

Ndipo mphamvuzo sizibwerera mmene zinapitira. Margaret Herridge wa ku Toronto anatsatira anthu amene anapulumuka matenda oopsa a mapapo, ndipo mu 2011 anasonyeza kuti patatha zaka 5 mapapo a ambiri anali atabwerera mwakale, koma mtunda umene ankayenda pa mphindi 6 unali magawo 76 okha pa 100 a umene anzawo a msinkhu womwewo amayenda. Mapapo anachira, miyendo ayi.

Kudzutsa wodwala akadali pa makina si kumuputira ngozi? Kafukufuku akuti chiyani?

Apa tikhalepo pang'ono, chifukwa yankho lasintha m'zaka zapitazi.

Kale odwala a pa makina ankagonetsedwa tulo tofa nato mpaka tsiku lochotsa paipi. Mu 2009 William Schweickert ndi anzake anasindikiza zotsatira za odwala 104 a m'zipatala za ku Chicago ndi ku Iowa. Onse ankawachepetsera mankhwala ogonetsa tsiku lililonse, koma theka lawo ankawayambitsanso mafizo m'masiku oyambirira: kukhala tsonga m'mphepete mwa bedi, kuimirira, ena mpaka kuyenda makina akuwatsatira. Potuluka m'chipatala, 59 pa 100 a gulu limeneli ankatha kudzisamalira okha, kusamba, kuvala ndi kuyenda, pomwe gulu linalo anali 35 pa 100. Kubwebweta ndi kusokonezeka mutu kunawagwira masiku 2 m'malo mwa 4. Zipatala zambiri zinasintha kachitidwe chifukwa cha kafukufuku ameneyu.

Kenako anthu anayamba kuganiza kuti ngati pang'ono pathandiza, ndiye kuti zambiri zithandiza koposa. Carol Hodgson, katswiri wa mafizo wa ku Monash University ku Melbourne, anatsogolera kafukufuku wamkulu wotchedwa TEAM, wa odwala 750 m'zipatala 49 za m'mayiko 6, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2022. Gulu lina linkalimbikitsidwa kufika pa mlingo wapamwamba umene likanatha tsiku lililonse, pafupifupi mphindi 21 patsiku. Linalo linkalandira za masiku onse, pafupifupi mphindi 9. Patatha masiku 180 panalibe kusiyana kwenikweni: masiku okhala moyo kunja kwa chipatala anali 143 kwa olimbikitsidwawo ndi 145 kwa enawo. Koma zovuta monga mtima kugunda mosokonekera, BP kusintha ndi mpweya kutsika zinachitika kwa 9 pa 100 a olimbikitsidwa, pomwe enawo anali 4 pa 100.

Ena akamva zimenezi amathamangira kunena kuti mafizo ku ICU ndi kutaya nthawi. Akulakwitsa. Gulu la "za masiku onse" lija silinangogona. Linali m'zipatala zimene a mafizo amadzutsa kale odwala. Chimene TEAM inakana ndi kukakamiza, osati kudzutsa. Ndipo munthu woti aone kuti lero wodwala uyu akhale tsonga, uyo angomupinda miyendo, winayo amusiye apume, ndi amene amakhala m'chipindamo tsiku ndi tsiku. Nkhani ya chiwerengero cha antchito imayambira pamenepa.

Ndiye pafunika a mafizo angati?

Zimatengera dziko. Malangizo a ku Britain a ntchito za ku ICU a mu 2015 anati wa mafizo mmodzi pa mabedi 4 alionse a odwala kwambiri, ndipo wodwala amene akufunika kulimbitsa thupi apatsidwe mphindi zosachepera 45 patsiku, masiku osachepera 5 pa sabata. Bungwe la madokotala a ku ICU a ku Ulaya linati mu 2011 mmodzi pa mabedi 5, masiku onse 7 a sabata. Ku Brazil anachita kuika m'malamulo mu 2010: mmodzi pa mabedi 10, koma azipezeka m'mawa, masana ndi usiku, maola 18 patsiku.

Manambalawa anachokera kwambiri pa kugwirizana kwa akatswiri atakhala pansi, ndiye musawatenge ngati mlingo wa mankhwala. Koma owerengera ndalama akamati mmodzi pa 4 n'kuwononga, muziwawerengera chonchi. Kuimiritsa munthu wa pa makina si ntchito ya munthu mmodzi: wina agwire paipi ya kukhosi, wina ayang'anire madiripi, awiri anyamule thupi. Kugoneka wodwala chafufumimba, njira imene ambiri tinaidziwa nthawi ya COVID-19, kumafuna anthu pafupifupi asanu. Koma ndi njira imene kafukufuku wa mu 2013 wa odwala 466 ku France ndi ku Spain anasonyeza kuti inatsitsa imfa za m'masiku 28 kuchoka pa 33 kufika pa 16 pa 100 mwa amene mapapo awo anali atawonongeka kwambiri. Onjezani kulemba mafayilo, kuyenda limodzi ndi madokotala m'mawa, tchuthi, kudwala kwa wantchitoyo. Bedi limodzi limadya nthawi yoposa imene ili papepala.

Wa mafizo wobwera mwa apo ndi apo ndi wokhazikika m'chipindamo, pali kusiyana?

Umboni wapafupi ndi kwathu unachokera ku Tygerberg Hospital ku Cape Town. Susan Hanekom wa ku Stellenbosch University anasindikiza mu 2012 kafukufuku wa odwala 193 a ku ICU ya ochitidwa opaleshoni. Masabata ena chipindacho chinkayendera dongosolo lozolowereka, masabata ena munkakhala a mafizo okhazikika otsatira ndondomeko yolembedwa. M'masabata a okhazikikawo, odwala ochepa ndiwo anafunika kulowetsedwa paipi atafika kale m'chipindamo, ndipo ochepanso ndiwo anabwezeredwa paipi itachotsedwa. Chiwerengero cha imfa sichinasinthe, koma aliyense amene anaonapo paipi ikubwezeredwa pakati pa usiku akudziwa kulemera kwa zimene zinapewedwazo.

Ku São Paulo ku Brazil nako anayerekezera mu 2013 chipatala chokhala ndi a mafizo maola 24 ndi china cha maola 6, ndipo cha maola 24 chinali ndi masiku ochepa a pa makina ndi matenda ochepa a m'mapapo. Kumbukirani kuti zinali zipatala ziwiri zosiyana, ndiye mwina zinkasiyananso pa zinthu zina.

Makhololo sadziwa Loweruka. Wodwala amene mwamusiya bwino Lachisanu madzulo mumamupeza Lolemba atabwerera m'mbuyo masiku anayi.

Kwathu kuno zili bwanji?

Maphunziro a digiri ya mafizo anayamba mu 2010 ku College of Medicine ku Blantyre, sukulu imene kuyambira 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Choncho ntchitoyi ndi yaing'ono msinkhu, ngakhale malo ngati Kachere Rehabilitation Centre akhala akuthandiza anthu kwa nthawi yaitali. Mabedi a ICU m'zipatala zathu zazikulu ndi owerengeka, moti papepala mlingo wa mmodzi pa 4 ungaoneke wosavuta kuukwanitsa. Vuto n'lakuti munthu yemweyo akudikiridwanso ku wodi ya othyoka mafupa, kwa ogwidwa sitiroko, kwa opsa ndi moto, kwa ana olumala, ndiponso pa benchi ya odwala oyendera. Ku ICU amafikako akaitanidwa, nthawi zina chibayo chitakhazikika kale.

Kuona kwanga, chinthu choyamba kupempha si makina atsopano. Ndi dzina la munthu mmodzi pa ndandanda ya ntchito amene m'mawa uliwonse amayambira ku ICU asanaitanidwe.

Ife achibale tingathandizepo?

Inde, koma funsani kaye. Akakulolani, wa mafizo akuonetseni kupinda akakolo ndi zala mosakakamiza. Muzimuuza wodwala tsiku, malo amene ali ndi nkhani za kunyumba, ndipo mubweretse magalasi ake ngati amavala. Zimachepetsa kusokonezeka mutu. Paipi, madiripi ndi kumutembenuza, zisiyireni anamwino.

Tsiku loyamba kuyenda avale chiyani?

Osati patapata, osatinso masokosi okha pa simenti yokolopa kumene. Ndinaonapo bambo wina wamkulu thupi, atakhala masabata atatu pabedi, akuponda kachiwiri patapata n'kutsalira m'mbuyo, chifukwa zala zinalibe mphamvu yomugwira. Tinamuwakha awiri. Mubweretse nsapato yotseka kuchidendene, ya zingwe kapena yomata, yokulirapo pang'ono poti mapazi amakhala atatupa.

Nsapato ili kuphazi. Ikukhudzana bwanji ndi bondo?

Mukaponda, mphamvu yochokera pansi imadutsa cham'kati mwa bondo, ndiye mbali yoyang'anizana ndi bondo linzake ndi imene imasenza katundu wambiri. N'chifukwa chake nyamakazi ya kutha kwa chicherewecherewe imakonda kuyambira kumeneko, miyendo n'kumapita ku matewe. Nsapato imasintha malo amene phazi limakankhira pansi, motero imasintha katundu ameneyu. Bungwe la WHO limati mu 2019 anthu 528 miliyoni anali ndi nyamakazi yamtunduwu, ndipo 365 miliyoni mwa iwo inali ya bondo.

Najia Shakoor wa ku Rush University ku Chicago anayeza zimenezi. Mu 2006 anapeza kuti odwala mawondo akamayenda opanda nsapato katundu wa pabondo amatsika ndi magawo pafupifupi 12 pa 100. Mu 2010 anayerekezera mitundu inayi, ndipo nsapato zolimba zochirikiza phazi komanso zija zokhuthala zotseka kutsogolo zimene antchito a m'zipatala za kumeneko amakonda zinkalemetsa bondo ndi magawo pafupifupi 15 pa 100 kuposa zafulati zofewa ndi patapata.

Ndiye kuti zafulati zofewa ndizo zabwino?

Ambiri tinaganiza choncho kwa zaka khumi. Kenako Kade Paterson ndi anzake a ku University of Melbourne anaganiza zofunsa mawondo enieniwo m'malo mwa makina oyezera. Anatenga anthu 164 a nyamakazi yokhwima ya m'kati mwa bondo, theka n'kuwapatsa zafulati zofewa, theka zolimba zochirikiza, kuti azivala maola osachepera 6 patsiku kwa miyezi 6. Iwo eni ankayembekeza kuti zafulati zipambana. Zotsatira za mu 2021 zinawatembenukira: ululu poyenda unachepa kwambiri mwa ovala zolimba, ndipo madandaulo ena, monga kupweteka kwa phazi ndi kakolo, anapezeka mwa 32 pa 100 a zafulati pomwe a zolimba anali 15 pa 100.

Pali kafukufuku wina wocheperapo wa ku São Paulo wa mu 2015, wa amayi achikulire 56, amene anapeza kuti nsapato yotchipa yopyapyala ya Moleca inachepetsa ululu. Koma anaiyerekezera ndi nsapato zimene amayiwo ankavala kale, osati ndi yochirikiza yosankhidwa bwino. Munthu wa nyamakazi yokhwima akandifunsa lero, ndimamuuza ayambe ndi yolimba pang'ono, yogwira chidendene, yokhala ndi kofewa pansi. Bondo likadandaula patatha masabata awiri kapena atatu, asinthe. Nambala ya mu labu siyenda naye ulendo wa kuchigayo.

Nanga gogoda?

Casey Kerrigan wa ku Harvard anasonyeza mu 1998 kuti gogoda imawonjezera katundu wa m'kati mwa bondo ndi magawo pafupifupi 23 pa 100. Amayi ambiri anati ndiye tizivala gogoda ya chidendene chachikulu chotambalala. Mu 2001 iye yemweyo anayeza zimenezo, ndipo ya chidendene chachikulu inkalemetsa bondo chimodzimodzi. Chimene chimavuta ndi kutalika. Komanso poti yachikuluyo sitopetsa msanga, munthu amaswera nayo tsiku lonse.

Kuyezaku kunali kwa katundu, osati kutsatira anthu mpaka adwale, ndiye sindikuuzani kuti mutaye nsapato ya ukwati. Kuvala maola atatu pa chinkhoswe ndi nkhani ina, kuphunzitsa nayo chiimire kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu ndi inanso. Ikani yafulati m'chikwama yoyendera popita kokwerera minibasi.

Ndinauzidwa kuti ndigule zoyala m'kati mwa nsapato zopendeketsa phazi. Ndigule?

Sungani ndalamazo. Kim Bennell anayesa zoyala zokwera mbali ya kunja pa anthu 200 kwa miyezi 12, ndipo mu 2011 anapeza kuti sizinapose zoyala wamba, kaya pa ululu kaya pa kutha kwa chicherewecherewe. Mu 2016 Rana Hinman anayesa nsapato yopangidwira dala kupeputsa bondo pa anthu 164. Sinapose nsapato wamba yatsopano yoyendera. Magulu onse awiri anapeza bwino pang'ono, ndiye mwina kungosiya nsapato yakutha kumathandiza kale. Zoyala zili ndi ntchito yake pa mavuto ena a phazi, makamaka kwa odwala shuga, koma zimenezo akuyezeni kuchipatala.

Ambirife timagula pa kaunjika. Tisankhe bwanji?

Pitani masana kapena madzulo, mapazi atatupa kale, ndipo muvale masokosi amene mumavala masiku onse. Wogulitsa akakupatsani, musayambe ndi kuyang'ana dzina. Itembenuzeni muone kunsi. Ngati chidendene chinadyeka mbali imodzi, nsapatoyo inaphunzira mayendedwe a mwini wake woyamba ndipo idzakupendeketsani inunso. Ikhazikeni pamalo osalala, muiyang'ane cha kumbuyo: ikhale chilili, osatsamira.

Finyani kumbuyo kumene kumagwira chidendene ndi zala ziwiri, kukangophwatalala, isiyeni. Ipindeni: ipindike kutsogolo kumene zala zimapindikira, osati pakati. Ipotozeni ngati mukufinya chovala, ikane pang'ono. Lowetsani dzanja m'kati mufufuze msoko wotukuka kapena dzenje pansi pa chala chachikulu. Ogulitsa ena amadziwa kupaka polishi ndi kumata guluu, koma m'kati sanganamize.

Kenako valani zonse ziwiri, muimirire. Pakati pa chala chachitali ndi nsonga pakhale mpata wokwana chala chachikulu cha dzanja. Akakuuzani kuti "imeneyo ikula mukamavala, bwana", dziwani kuti chimene chidzakule ndi thuza. Ndipo wosoka nsapato wa pansi pa mtengo angakuikireni chidendene chatsopano pa mtengo wochepa, nsapato yabwino n'kukhalanso chaka china.

Makolo athu ankayenda opanda nsapato ndipo anali olimba. Bwanji osangotero?

Phazi lozolowera limalimbadi, ndipo pa dothi lofewa kapena pa mkeka palibe cholakwika kwa munthu wathanzi. Koma dothi lathu lili ndi matekenya, minga, mabotolo osweka ndi njoka za m'mimba zolowera pakhungu. Wodwala shuga yekha ndiye ayi ndithu, ngakhale m'nyumba. Shuga imapha mitsempha ya kumva, munthu amaponda msomali osadziwa, chilonda n'kudzaoneka chitanunkha kale. Ameneyu azigwedeza nsapato ndi kupisamo dzanja asanavale, ndipo aziyang'ana kunsi kwa mapazi madzulo alionse.

Nsapato yabwino ingachize nyamakazi ya bondo?

Ayi. Imachepetsa ululu, koma zimene zili ndi umboni wamphamvu ndi kulimbitsa minofu ya ntchafu ndi kuchepetsa thupi kwa amene lawakulira. Stephen Messier anawerengera mu 2005 kuti kilogalamu imodzi imene munthu wataya imachotsa katundu wa makilogalamu pafupifupi 4 pabondo pa phazi lililonse limene waponda. Ochepetsa makilogalamu 5 achotsa 20, kuchulukitsa ndi mapazi onse a ulendo wa kumunda.

Zolimbitsa thupi zake sizifuna jimu. Khalani pampando wolimba, imirirani osagwira, khalaninso pang'onopang'ono, ka 10, mupume, mubwerezenso. Kupweteka pang'ono pochita si chizindikiro choti mukuwononga, bola kuzizire pofika mawa lake.

Ndi liti pamene ndisiye za nsapato n'kuthamangira kuchipatala?

Bondo likatupa mwadzidzidzi, lili lotentha, thupi lonse likutenthanso, pitani tsiku lomwelo. Mafinya a m'mfundo amawononga bondo m'masiku ochepa. Chimodzimodzi mukagwa n'kulephera kupondera, bondo likamakanirira osawongoka, kapena chala chachikulu cha kuphazi chikakudzutsani usiku chitafiira, chosafuna ngakhale kukhudzidwa ndi bulangete, poti imeneyo ingakhale gauti ndipo ili ndi mankhwala akeake. Amene mwangotuluka kumene m'chipatala mutagona nthawi yaitali, katumba wa mwendo umodzi akatupa ndi kuwawa, musamusisite; angakhale magazi oundana. Popita kwa a mafizo, tengani nsapato imene mumavala kwambiri, osati ya kutchalitchi. Tikufuna tione kunsi kwake.